Kuimba kwa Massuko: Mafunso ndi Mayankho pa Chimbale Choyamba cha Gulu la ku Niassa

Kodi Kuimba kwa Massuko n'chiyani?

Kuimba kwa Massuko ndi chimbale choyamba cha Massukos, gulu loimba la ku Lichinga, likulu la chigawo cha Niassa kumpoto kwa Mozambique. Chinatuluka m'chaka cha 2001, patatha zaka 7 chiyambire gululi kuimba pagulu mu 1994. Anakachijambulira ku Maputo, ndipo chitalowa pamsika chinagulidwa makope oposa 80,000 n'kulandira ulemu wa chimbale cha golide. Massukos amaimba m'zinenero za kwawo, Chiyao, Chinyanja ndi Chimakua, nthawi zina n'kuponyamo Chipwitikizi. Dzina lawo analitenga ku masuku, zipatso za m'tchire zija zimene zimadzaza misika ya ku Niassa mvula ikamayamba.

Nanga oimbawo ndi ndani?

Wodziwika kwambiri ndi mtsogoleri wawo, a Feliciano dos Santos, woimba gitala amene anabadwa mu 1964 ku Niassa komweko. Ali mwana anadwala poliyo n'kutsala olumala. Nthendayi imayenda m'madzi ndi m'zakudya zoipitsidwa ndi chimbudzi cha munthu, ndipo iwo anakulira kumalo kumene madzi abwino ndi zimbudzi zoyenera kunalibe. Mbiri imeneyi ndi imene inadzawongolera ntchito yawo yonse. Atakula anagwirapo utolankhani ku Radio Moçambique, kenaka anakhala mkulu wa Estamos, bungwe la ku Lichinga loona za madzi, ukhondo ndi matenda a Edzi.

Dzina lina lomveka m'gululi ndi la a Simão Fontes, amene mawu awo okonda nyimbo za ku Niassa amawazindikira msanga. Zida zawo ndi za bandi wamba: magitala, besi, kiyibodi, ng'oma za chizungu ndi ng'oma zamanja.

N'chifukwa chiyani anadikira zaka 7, ndiponso n'chifukwa chiyani anapita kutali chomwecho?

Yankho lili pamapu. Niassa ndiye chigawo chachikulu koposa zonse m'Mozambique, makilomita pafupifupi 129,000 m'bwalo, kutanthauza kuti n'chachikulu kuposa dziko lonse la Malawi. Koma pa kalembera wa 1997 anthu ake sanafike n'komwe 1 miliyoni. Malo otakasuka chonchi, anthu ochepa ndiponso osauka, si msika umene wamalonda angamangirepo situdiyo yodula. Zipangizo zojambulira, amisiri osakaniza mawu, makampani ochulukitsa makaseti, manyuzipepala ndi wailesi yakanema, pafupifupi zonse zinali ku Maputo.

Kuchoka ku Lichinga kukafika ku Maputo pamsewu ndi makilomita oposa 2,000. M'chaka cha 2001 msewu wa Lichinga kupita ku Cuamba unali wafumbi, ndipo nthawi ya dzinja magalimoto ankagona m'matope. Pa mtsinje wa Zambezi ku Caia panalibe mlatho, chifukwa umene ulipo lerowu unatsegulidwa mu 2009; woyenda ankadikira pantoni, mwina tsiku lathunthu. Ambiri ankaona kuti n'kwapafupi kutuluka m'dziko mwawo pa Mandimba, kudutsa m'Malawi, n'kukalowanso pa Zóbuè kulunjika ku Tete. Ndege inalipo, koma mtengo wa tikiti ya munthu mmodzi unali wolemera kale, nanji gulu lonse ndi zida zake. Woimba wa ku Lichinga anali pafupi ndi Blantyre kuposa likulu la dziko lake, ndipo zikadali choncho.

Choncho zaka 7 sizinali ulesi. Zinali zaka zoimba m'maholo, m'misonkhano ndi pa zikondwerero, kusonkhanitsa ndalama ndi mbiri. Kuchedwako kunali ndi phindu lake: nyimbo zinafika ku situdiyo zitapsa kale, anthu atazivina n'kuonetsa okha zimene zikugwira mtima ndi zimene zikugwetsa ulesi.

Kujambula chimbale m'masiku amenewo kunkayenda bwanji?

M'situdiyo zambiri za nthawi imeneyo ntchito inkayamba ndi ng'oma ndi besi, chifukwa ndizo maziko. Pamwamba pake ankaika magitala ndi kiyibodi, mawu n'kubwera pomalizira, wotsogolera payekha, ovomera pawokha. Kenaka mmisiri ankakhala pansi kusakaniza, kukweza apa, kutsitsa apo, mpaka patuluke tepi imodzi yoyambirira imene makope onse adzachokere.

Kwa gulu lozolowera kuimbira ovina, chovuta chachikulu ndi kufupikitsa. Pabwalo nyimbo imatalika malinga ndi mmene fumbi likukwerera. Ikhoza kutha mphindi 15 popanda wodandaula. Wailesi imafuna mphindi 4 kapena 5, ndipo mbali imodzi ya kaseti wamba imatha pa mphindi 30. Situdiyo amalipira pa ola, motero gulu lochokera kutali, lomwe likulipiranso pogona ndi chakudya mumzinda wa eni, silikhala ndi mpata wobwereza kambirimbiri. N'chifukwa chake zimbale zoyamba zambiri zimamveka ngati gulu likuimba pamaso pa anthu, zolakwika zing'onozing'ono zili momwemo. Okonda nyimbo ambiri amati kukoma kwake n'komweko, ndipo sanama kwenikweni.

Gululi ndi la ku Lichinga, kumtunda. Anthu a m'mphepete mwa nyanja m'boma la Lago chimbalechi chikuwakhudza bwanji?

Lichinga ili pamwamba pa mapiri, kumalo kozizira kwa mitengo ya paini, chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere, ndipo ambiri kumeneko ndi Ayao. Kuchoka kumeneko msewu umadutsa pa Maniamba n'kutsetsereka mokhotakhota kukafika ku Metangula, likulu la boma la Lago, ulendo wa makilomita opitirira pang'ono 100. Wotsika minibasi ku Metangula amavula juzi: kwatentha, nsima ndi ya chinangwa, usipa uli pathandala, ndipo chinenero cha pagombe ndi Chinyanja. Kuyambira ku Meluluca kumwera, kudzera Chuanga, Messumba, Ngoo, mpaka Cobué moyang'anizana ndi chilumba cha Likoma, midzi yandanda m'mphepete mwa madzi, ina yofikika bwino pa boti pokha.

Anyanja a ku Lago ndi ochepa m'dziko la Mozambique, ndipo chinenero chawo sichinkamveka m'nyimbo zotchuka za dzikolo. Nyimbo ya Chinyanja ya pa kaseti inkachokera kutsidya, ku Malawi, kapena ku Zambia. Gulu la m'chigawo chawo chomwe, loimba chinenero chawo pamodzi ndi cha anansi awo Ayao ndi Amakua, n'kumamveka pa wailesi ya dziko lonse, chinali chinthu chachilendo. Msodzi wa ku Cobué sankafunika womasulira kuti amve nyimbo imene anthu a ku Maputo akuvina osaimva.

Kodi kunyanjako kunalibe nyimbo zakezake chimbalechi chisanabwere?

Zinaliko zambiri, kungoti sizinkalowa m'kaseti. Gule wa amuna ndi mganda, umene m'zolemba za Chipwitikizi amaulemba n'ganda. Ovina amavala zoyera, malaya, kabudula ndi masokosi aatali, n'kundanda m'mizere ngati asilikali pa perete. Pakati pamakhala ng'oma yaikulu, ndipo ovinawo amaliza malipenga a zipanda, otsekedwa kumapeto ndi kansalu koyera ka kangaude kuti mawu azinjenjemera. Guleyu anabadwa potsanzira asilikali a atsamunda, koma anasanduka mpikisano wa ukhondo ndi udongo: gulu la mudzi wina limapita kukachezera mudzi wina, kuvina masiku angapo, eni mudzi akuphika, ndipo oonerera amaweruza osati mapazi okha komanso kuyera kwa malaya. Mabwato akhala akuwolotsa magulu otere pakati pa gombe la Mozambique ndi Likoma kwa mibadwo. Akazi gule wawo ndi chioda, wovina atamanga zitenje zofanana, nyimbo zake zodzudzula amuna oledzera, apongozi ovuta ndi atsogoleri oiwala anthu.

Mtsinje wina wa nyimbo unachokera kutchalitchi. Amishoni a Anglican a UMCA anakhazikika pa Likoma mu 1885, ndipo a William Percival Johnson anatha zaka zambiri akuyendera midzi ya gombe la kum'mawali pa sitima za mishoni. Messumba inakula kukhala mishoni yaikulu yokhala ndi sukulu ndi chipatala, ndipo Chinyanja cha kunyanja chinalembedwa m'mabuku a mapemphero ndi a nyimbo. Kuimba kwa mawu anayi kunazika mizu kotero kuti mpaka lero kwaya ndiyo sukulu yoyamba ya woimba aliyense wa m'derali.

Pamwamba pa izi panali wailesi. Siteshoni ya MBC ya ku Malawi imamveka bwino ku gombe la Mozambique, choncho Alleluya Band ya ku Balaka, a Paul Banda ndi a Lucius Banda, anali odziwika ku Metangula monga analili ku Nkhotakota. Rumba ya ku Congo ndi nyimbo za ku Tanzania zinkatsika ndi amalonda kuchokera kumpoto. Khutu la munthu wa ku Lago linali lozolowera kale gitala. Chimene linali lisanamve ndi gitala yolankhula za kwawo.

Nyimbo za Massukos zimamveka bwanji? Kodi ndi rock?

Si rock monga amaidziwira ku London kapena ku Melbourne, ngakhale zida n'zomwezo. Gitala ya rock imakonda kulira mokalipa, mawu ake okhuthala ndi aphokoso. Gitala ya Massukos ndi yoyera, yothamanga, yobwereza kachidutswa kamodzi mozungulira pamene gitala inzake ikulowa m'mipata. Woimba mmodzi amatsogolera, ena n'kuvomera pamodzi, monga zimakhalira pa chioda kapena pa mtondo. Kugunda kwake n'kochokera ku magule a ku Niassa, ndipo gululi linanena kuyambira pachiyambi kuti cholinga chake ndi kusunga magule amenewa powaveka zida zamakono.

Chimene chimadabwitsa mlendo n'chakuti nyimbo yovinitsa chonchi ikhoza kukhala ikunena za imfa, umasiye kapena matenda. Kwa munthu wa ku Niassa palibe chodabwitsa. Nyimbo za chioda zakhala zikuchita zomwezo kuyambira kale.

Nanga mawu akuti indie, amene amamveka pokamba za magulu a kunja, akutanthauza chiyani, ndipo Massukos akulowamo?

Ku Britain, America ndi Australia amatchula choncho oimba odziimira paokha, amene amajambula ndi kugulitsa nyimbo popanda makampani akuluakulu monga EMI, Sony kapena Warner. Mchitidwewu unakula kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Chitsanzo chodziwika cha ku Australia ndi The Saints a mumzinda wa Brisbane: mu 1976, ataona kuti palibe kampani yowafuna, anadzilipirira okha situdiyo, n'kudinda mbale 500 za nyimbo yawo yoyamba pa dzina la kampani yongodzipangira, Fatal Records, n'kuzitumiza kwa atolankhani a ku England. Atatamandidwa kumeneko m'pamene EMI inawathamangira, chimbale chawo choyamba n'kutuluka mu 1977. The Go-Betweens, a ku Brisbane komweko, anatulutsa chimbale chawo choyamba, Send Me a Lullaby, mu 1981 kudzera ku kampani yaing'ono ya Missing Link. Pambuyo pake dzina la indie linayamba kutanthauzanso kamvekedwe: magitala osakometsera, mawu osapsatira, kujambula kotsika mtengo.

Pa kamvekedwe Massukos sali m'gulumo. Pa kayendetsedwe ka zinthu alimo ndithu, koma pali kusiyana kumodzi kofunika. Mnyamata wa ku Brisbane ankasankha kudziimira payekha, mwina pokana kulamulidwa ndi kampani. Wa ku Lichinga analibe choti akane, chifukwa kampani yoti imulamulire sinafikeko n'komwe. Pafupifupi woimba aliyense wa ku Niassa, Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia wakhala wodziimira payekha chibadwire, popanda kudzipatsa dzina.

Kodi ku Australia kuli gulu limene mbiri yake ikufanana ndi ya Massukos?

Lilipo, ndipo si la m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja. Warumpi Band inayamba mu 1980 ku Papunya, mudzi wa eni nthaka a dzikolo m'chipululu, makilomita oposa 200 kuchokera ku Alice Springs. Woimba wawo wotsogolera anali George Rrurrambu, ndipo m'gulumo munalinso mphunzitsi wachizungu, Neil Murray. Mu 1983 anatulutsa Jailanguru Pakarnu, imene imadziwika kuti ndiyo nyimbo yoyamba ya rock kujambulidwa m'chinenero cha eni nthaka, Chiluritja. Chimbale chawo choyamba, Big Name, No Blankets, chinatuluka mu 1985, ndipo chaka chotsatira anayenda m'midzi ya m'chipululu pamodzi ndi gulu lotchuka la Midnight Oil.

Kufanana kwake n'koonekeratu: dera lakutali limene likulu linaliiwala, chinenero chimene makampani ankati sichingagulitse, zaka zingapo zoimbira anthu a kwawo chimbale chisanatuluke, ndi ulendo wautali wopita kumene kuli situdiyo. Dzina la chimbale cha Warumpi likunena za munthu wotchuka koma wopanda ngakhale bulangete, ndipo oimba ambiri a ku Niassa angalimve popanda kuwafotokozera.

N'chifukwa chiyani chaka cha 1994 chimatchulidwa kawirikawiri pa mbiri ya gululi?

Chifukwa ndicho chaka cha chisankho choyamba cha zipani zambiri m'Mozambique, patatha zaka 2 chisainire pangano la mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Niassa inali itaona nkhondo ziwiri zotsatizana. Ya ufulu itayamba mu Sepitembala 1964, Cobué inali pakati pa malo oyamba kumva kulira kwa mfuti, Apwitikizi anali ndi malo a asilikali a pamadzi ku Metangula, ndipo anthu ambiri a m'mphepete mwa nyanja anathawira ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania. Ufulu utabwera mu 1975 sipanapite nthawi, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inabalalitsanso midzi, mpaka Malawi anasunga othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni.

Panalinso chilonda china. Boma la Frelimo linaika ku Niassa misasa yotchedwa yophunzitsanso anthu khalidwe, ndipo mu 1983, pa ndondomeko ya Operação Produção, anthu zikwizikwi amene ankati ndi malova m'mizinda ya Maputo ndi Beira ananyamulidwa mokakamiza kukatayidwa kumeneko. Kwa munthu wa kumwera, dzina loti Niassa linkamveka ngati chilango. Gulu loimba monyadira dzina lomweli, mpaka kukhala ndi nyimbo yotchuka yotchedwa Niassa, linkachita chinthu choposa kusangalatsa anthu. Apa m'pamene pagona kulemera kwa chimbale choyambachi, kuposa pa chiwerengero cha makope.

Makope 80,000 ndi ambiri motani?

M'dziko limene panthawiyo linali pakati pa osaukitsitsa padziko lonse, ndi ambiri zedi. Nyimbo za Mozambique zodziwika zinali za kumwera, makamaka marrabenta ya a Fany Pfumo ndi a Dilon Djindji, ndi magulu ngati Ghorwane. Kumpoto kunali kutatulukapo Eyuphuro ya a Zena Bacar, ya ku Nampula, imene chimbale chake Mama Mosambiki chinatuluka ku Britain mu 1990 pa kampani ya Real World. Koma Nampula ndi mzinda waukulu wa njanji ndi malonda. Lichinga si choncho.

Komanso chiwerengero chotere chimangonena za makope ovomerezeka. Kaseti imodzi yofika ku Metangula inkabala ana ambiri: wokhala ndi wailesi ya makomo awiri ankajambulira abale ndi anzake, ndipo kope la kope linkamveka ngati oimba ali m'madzi, koma linkavinidwabe. Mabatire akafooka ankawayanika padzuwa, ndipo pofuna kubweza tepi ankaizunguza ndi bolopeni kuti asawononge moto. Lamulo loteteza eni nyimbo ndi mabuku m'Mozambique linakhazikitsidwa m'chaka chomwecho cha 2001, koma lamulo la ku Maputo silinkafika pa tebulo la wogulitsa makaseti pamsika wa kumudzi. Omvera chimbalechi anali ochuluka kwambiri kuposa ogula, ndipo ndalama zofika kwa oimba zinali zochepa poyerekeza ndi mbiri yawo.

Kodi chimbalechi n'chogwirizana ndi zimbale za Kuimba za ku Malawi?

Ayi. Kuimba 1 ndi Kuimba 2 ndi zimbale za reggae za a Evison Matafale a ku Chileka, amene anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, ndipo gulu lawo la Black Missionaries lapitiriza kutchula zimbale zake ndi dzina lomwelo. Kufanana kwa mayina kwangochokera ku chinenero chimodzi cha mbali zonse ziwiri za nyanja.

Zinatheka bwanji kuti gulu loimba lidziwike ndi nkhani ya zimbudzi?

Zinatheka chifukwa mtsogoleri wa gululi ndi mkulu wa Estamos anali munthu mmodzi. Bungweli, mothandizana ndi WaterAid ya ku Britain, linkalimbikitsa zimbudzi za manyowa m'midzi ya ku Niassa. Kapangidwe kake, kamene katswiri wa ku Zimbabwe Peter Morgan anakakonza, n'kosavuta. Amakumba maenje awiri osaya. Banja limagwiritsa ntchito limodzi, ndipo aliyense akatha kudzithandiza amathiramo dothi losakaniza ndi phulusa la kukhitchini. Phulusalo limaumitsa, limapha fungo, ntchentche n'kusowa pofikira. Dzenje likadzaza amalikwirira n'kusamutsira kanyumba pa linzake. Pakatha miyezi 8 mpaka chaka, za m'dzenje loyamba zimakhala zitasanduka dothi lakuda lopanda fungo, loti n'kuthira m'munda. Mtundu wina ndi wa dzenje limodzi: likadzaza amabzalapo mtengo wa zipatso n'kukumba pena.

Luso lake ndi lapafupi, koma nkhani yake ndi yolemera pakamwa. Za kuchimbudzi sizikambidwa pamaso pa apongozi, ndipo mlangizi wobwera ndi mapepala amapeza anthu akuyang'ana pansi. Nyimbo ilibe manyazi otero. Massukos ankafika pamudzi ndi zida zawo, anthu n'kusonkhana chifukwa cha gule, ndipo mawu amene munthu sangawatchule pabwalo la mfumu ankatuluka m'kamwa mwa ana akuvina. Nyimbo yawo yodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi Tissambe Manja, ya Chinyanja. Gule akatha m'pamene alangizi ankayamba kukambirana ndi mafumu ndi eni mabanja.

Kwa anthu a m'mphepete mwa nyanja nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kumtunda. Pamchenga dzenje lakuya limagumuka, madzi a pansi ali pafupi, ndipo nyanja yomweyo ndiyo mochapira, mosambira, motsukira mbale ndi motungira madzi akumwa. Pa madoko a asodzi, pamene anthu amachuluka nyengo ya usipa, kolera ndi likodzo sizichedwa. Dzenje losaya lothira phulusa limayenerana ndi malo otere kuposa chimbudzi chakuya.

Kodi uthenga woterewu suwononga nyimbo?

Kawirikawiri umawononga. Aliyense womvera wailesi m'Malawi kapena m'Mozambique amaidziwa nyimbo ya bungwe: mawu ake ngati ochokera pa chikwangwani cha kuchipatala, woimba akuwerenga mndandanda wa malangizo, ndipo ntchito ya bungwelo ikatha nyimbonso imafa. Massukos anapulumuka msampha umenewu pa chifukwa chimodzi chachikulu, chakuti anayamba kukhala oimba, anthu n'kuwakonda, uthenga wa zimbudzi n'kukwera pa mbiri imene inalipo kale. Anthu 80,000 sanagule chimbale kuti aphunzire kusamba m'manja.

Komabe mtengo wake unalipo. Kunja kwa Mozambique, nkhani zambiri zolembedwa za gululi zimatha ndime zonse pa zimbudzi, nyimbo n'kungozitchula podutsa, ngati kuti gitala ndi chida cha alangizi a zaumoyo basi. Kumeneko n'kuwalakwira. Chimbale cha 2001 chiyenera kuweruzidwa monga chimbale, pa kaimbidwe, pa kalukidwe ka magitala ndi pa zimene chinachitira zinenero zitatu zimene msika unkazinyoza.

Chinatsatira n'chiyani?

Gululi linayamba kuitanidwa kunja. Linagwira ntchito ndi woimba wa ku Britain, Dean Brodrick, ndipo mu 2007 linatulutsa chimbale chachiwiri, Bumping, kudzera ku kampani yaing'ono ya ku London yotchedwa Poo Productions. Ichi ndicho chimbale chimene anthu a ku Ulaya anawadziwira, ndipo n'chimene chimapezeka mosavuta pa intaneti. Mu 2008 a Santos analandira mphoto ya Goldman, imene imaperekedwa chaka chilichonse ku San Francisco kwa omenyera chilengedwe, mmodzi kuchokera ku chigawo chilichonse cha dziko lapansi. Iwo anaimira Africa. Mu 2010 bungwe la National Geographic linawaika pa mndandanda wa ofufuza atsopano amene limawathandiza.

Pakati pa chimbale choyamba ndi chachiwiri panadutsa zaka 6. Kwa gulu la ku Melbourne kumeneko kukanakhala kuzimirira. Kwa gulu limene oimba ake anali ndi ntchito zina zodyetsa mabanja, ndiponso situdiyo inali kutsidya kwa Zambezi, anali mayendedwe wamba.

Nanga wachinyamata wa ku Metangula kapena Cobué wofuna kutulutsa chimbale choyamba lero amayenda njira yomweyo?

Ayi, njira yafupika. Kompyuta imodzi, maikolofoni ndi kachipinda kotchinga ndi matiresi zikukwanira kujambula nyimbo yomveka bwino, ndipo masitudiyo otere ali m'matauni ambiri a m'chigawochi. Kaseti inatha, CD nayo ikutha. Nyimbo imayenda pa memori khadi, pa Bluetooth ndi pa WhatsApp, ndipo anyamata obena nyimbo pamsika amadzaza foni ndi nyimbo mazana pa ndalama yochepa. Kumene magetsi sanafike, sola yaing'ono imatchaja foni ndi sipika. Wailesi za m'madera, pamodzi ndi nthambi ya Radio Moçambique ya ku Lichinga imene imaulutsa m'Chinyanja, Chiyao ndi Chimakua, zimapatsa woimba wa kumudzi poyambira. Msewu wa Cuamba uli ndi phula tsopano, ndipo sitima ya pamtunda inayambiranso kufika ku Lichinga mu 2016.

Zimene zasintha n'zakuti ambiri sakujambulanso chimbale chathunthu koma nyimbo imodziimodzi, ndipo ng'oma ndi magitala zimachokera m'kompyuta, osati m'manja mwa anthu asanu kapena asanu ndi awiri ophunzira limodzi madzulo aliwonse. Kusunga bandi n'kodula: zingwe za gitala, zokuzira mawu, jenereta ndi galimoto yonyamula zonsezi zimafuna ndalama imene nyimbo ya pa foni sibweza. Ndalama ya woimba masiku ano imachokera ku maukwati, misonkhano ya ndale, zikondwerero za boma ndi ntchito za mabungwe. Magulu oimba pamodzi amene akadali olimba m'mphepete mwa nyanja ndi makwaya a m'matchalitchi ndi magulu a mganda ndi chioda, ndipo makwaya ambiri tsopano amasonkherana ndalama n'kujambula nyimbo zawo, kanema wake n'kumujambulira pamchenga kapena pamiyala ya m'mbali mwa nyanja.